Mbiya ya dzina ndi mbiya ya pamsika: chimene chimakweza mtengo wa dongo loumbidwa pamanja

Pa ndalama ya 20 naira ya ku Nigeria pali chithunzi cha mayi ali pantchito youmba mbiya. Dzina lake ndi Ladi Kwali. Sanali mfumu kapena wandale, ndipo luso lakelo analiphunzira kumudzi ali kamtsikana, poonera akuluakulu a pabanja pake. Anamwalira mu 1984, koma mpaka lero mbiya zake zikusungidwa m'nyumba zoonetsera zinthu zamtengo wapatali monga Victoria and Albert Museum ku London, ndipo ikapezeka imodzi pa okushoni anthu achuma amailimbirana. Chikhalirecho kaumbidwe kake sikanali kosiyana kwenikweni ndi ka amayi amene amatula miphika ndi mitsuko m'misika yathu kuno ku Zomba, kaya ku Songani, ku Thondwe kapena ku Jali. Nanga zimatheka bwanji kuti mbiya ina igulidwe ndalama zokwana kumangira nyumba, pamene ina timainenerera mpaka mwiniwake atatsitsa? Mbali ina ya yankho ili m'dongo ndi m'moto, koma mbali yaikulu ili m'dzina.

Si dothi lililonse limene limaumbika. Woumba amafuna mtapo, ndipo amadziwa pomwe uli: m'mphepete mwa dambo, pagombe la mtsinje pomwe madzi anagumula, nthawi zina pachulu. Mtapo ndi mwala umene unafumbutuka kalekale. Mvula ya zaka zikwizikwi imadya pang'onopang'ono miyala ya phiri la Zomba, ndipo Mulunguzi, Likangala ndi Domasi amanyamula tizidutswa take n'kukatitula kuchigwa cholowera kunyanja ya Chilwa. Tizidutswato n'tating'ono moti diso silingatione, komanso n'tathyathyathya. Madzi akalowa pakati pake timatererana koma osasiyana, n'chifukwa chake dongo limapindika popanda kuduka. Mchenga ungaunyowetse chotani, sungachite zimenezi.

Katswiri amayesa mtapo ndi zala basi. Amatsina pang'ono, n'kupota kachingwe, n'kukakulunga pachala. Kakathetheka, ndiye kuti mchenga wachuluka. Kakamata kwambiri, mtapowo ndi wonona mopitirira ndipo udzang'ambika pouma. Apa ndiye pamene amasakaniza: mtapo wa malo awiri osiyana, kapena mchenga wosefa, kapena mapale akale osinja. Mapalewo anapsa kale, sachepanso akamauma, motero amagwira khoma la mbiya kuti lisang'ambike komanso amasiya tinjira totulukira nthunzi. Kenako pali kusinja, kutola timiyala ndi timizu, kukanda, n'kufundika dongolo masiku angapo kuti madzi alowerere paliponse. Ntchito yotopetsayi ogula saiona, koma kamwala kamodzi kotsalira kangathe kung'amba mphika wonse pamoto.

Poumba, mayi amakhala pansi phale lalikulu lili patsogolo pake. Amaikapo chibuluma cha dongo, n'kuboola pakati ndi chibakera, n'kuyamba kukokera khoma m'mwamba, dzanja lina lili mkati, lina likuchirikiza kunja. Dongo likaperewera amapota zingwe zonenepa n'kumazisanjikiza, akuzifinyira pa zinzake mpaka polumikizira pasaonekenso. Gudumu loumbira, lija limazungulitsa dongo, palibe. Chimene chimazungulira ndi phale lija, ndipo mtsuko ukakhala waukulu, amene amazungulira ndi woumbayo. Kunja amasalaza ndi chisononkho, mkati amapala ndi chigoba cha nkhono kapena kachidutswa ka chikho, ndipo mlomo amaumaliza ndi kansalu konyowa kopanidwa pakati pa zala. Pa kunenepa kwa khoma maso sathandiza kwenikweni. Zala zoyang'anizana, china mkati china kunja, ndi zimene zimamva kuti apa panenepa, apa papyapyala. Luso lonse lagona pamenepa, chifukwa khoma losafanana limauma mosiyana, limatenthanso mosiyana, ndipo mng'alu umayambira pomwe ponenepa pakumana ndi popyapyala.

Mbiya ikalimbako pang'ono amaitembenuza n'kumaliza pansi pake, n'kulemba timizere pakhosi ndi kamtengo, kenako n'kuikulungiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje. Mwalawo umagoneka tizidutswa tija mbali imodzi, ndipo khungu la mbiya limayamba kunyezimira popanda utoto uliwonse. Ena amayamba apakapo katondo wosungunula kuti ifiire bwino. Kuumitsa kumachitika pamthunzi, mosafulumira, ndipo mbiya imachepa ndithu madzi akamatuluka. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri, woumba amangodikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wothamangira kuotcha mbiya yosauma amakolola mapale.

Moto uli ndi makwerero ake. Kutentha kukafika madigiri 100, madzi otsalira m'khoma amasanduka nthunzi, ndipo akasowa potulukira mbiya imaphulika. N'chifukwa chake amayi amayamba aiwamba pafupi ndi moto kapena kuikamo makala. Pakati pa madigiri 500 ndi 600 pamachitika chinthu chosabwereranso: madzi amene ali m'thupi lenileni la dongo amachoka, ndipo kuyambira pamenepo chinthucho ungachiviike bwanji sichisandukanso matope. Pa madigiri 573 timchenga ta m'dongomo timafufuma mwadzidzidzi, ndipo pozizira timabwerera mwadzidzidzinso. Mbiya zambiri zimathera pamenepa. Moto wa pabwalo, wa nkhuni, makungwa ndi udzu, umafika pakati pa madigiri 600 ndi 900, ndipo umatha msanga. Woumba alibe chipangizo choyezera, amangoyang'ana mtundu wa mbiya m'kati mwa malawi n'kudziwa kuti yapsa. Pomwe mpweya unafika bwino pamafiira chifukwa cha chitsulo chimene chili m'dongo. Pomwe nkhuni inatsamira n'kutseka mpweya pamada. Amasankha madzulo kapena m'mamawa kukakhala bata, poti mphepo ya mu Ogasiti imatenthetsa mbali imodzi. Ena poiphula amaiwaza madzi a makungwa ikadali yamoto, n'kutuluka mawanga oderapo. M'madera ambiri akuluakulu ankadika usiku woti mawa akatapa dongo kapena kuotcha, ndipo mbiya zikasweka ankafunsana kuti walakwitsa mwambo ndani. Munthu angaganize zomwe angaganize pa miyamboyi, koma ikusonyeza mantha enieni a munthu amene ntchito yake ya masabata ikhoza kuthera m'kanthawi kochepa.

Pali maganizo amene ndikufuna kuwatsutsa poyera, akuti mbiya yathu ndi yotsalira chifukwa siinapse kwambiri. Kupsa pang'onoko kumasiya timabowo tosaoneka m'khoma. Mumtsuko, madzi amatulukira pang'onopang'ono m'timabowoto, n'kumauma kunja, ndipo akamauma amatenga kutentha. Ndiye chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira mu Okutobala popanda magetsi. Mumphika, timabowo tomweto pamodzi ndi pansi pobulungira timalola khoma kufufuma ndi kubwerera pamafuwa popanda kusweka. Makapu ndi mbale za mtundu wa stoneware, monga zimene Dedza Pottery yakhala ikupanga kuyambira mu 1987, zimaotchedwa mu uvuni pa madigiri 1,200 mpaka 1,300, dongo n'kutsekeka lonse, pamwamba n'kukutidwa ndi glaze, kutanthauza galasi losungunulira pa mbiya. N'zolimba, n'zosavuta kutsuka, sizichucha. Koma ikani mbale yoteroyo pamoto wa nkhuni muone; imasweka. Izi ndi nzeru ziwiri zoyankha mafunso awiri osiyana.

Chimene azungu amachitcha studio pottery chinabadwa ngati kukana mbale za m'fakitale zofanana zonse. Mu 1920, Bernard Leach wa ku England ndi mnzake Shoji Hamada wa ku Japan anatsegula malo oumbira m'tawuni ya St Ives, ku England. Maganizo awo anali akuti munthu mmodzi, kapena kagulu kochepa, azigwira ntchito yonse kuyambira kukonza dongo mpaka kuphula mu uvuni, ndipo chilichonse chotuluka chizisonyeza dzanja la mwiniwake. Kwa ife zimenezi si zachilendo, poti anganga athu ankachita zomwezo. Chachilendo chinali kachidindo. Dongo lisanaume, woumba ankadinda pansi pa mbiya chizindikiro cha malo oumbirawo ndi cha dzina lake. Hamada mwiniwake anadzasiya kudinda mbiya zake, koma ankalemba pa mabokosi amatabwa osungiramo, ndipo mu 1955 boma la Japan linamuika m'gulu la amisiri amene dziko limawatenga ngati chuma chamoyo. Amisiri oterewa boma limawapatsa ndalama chaka ndi chaka kuti aphunzitse ena luso lisafe.

Wophunzira woyamba wa Leach, Michael Cardew, ndi mmodzi mwa amene anabweretsa zimenezi ku Africa. Atagwirako ntchito ku Ghana, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anatsegula sukulu youmba ku Abuja yakale, tawuni imene lero imatchedwa Suleja. Ladi Kwali analowa m'sukuluyi mu 1954, mkazi woyamba. Anaphunzira gudumu, koma mitsuko yake yotchuka anapitiriza kuiumba pamanja monga kwawo, akulembapo abuluzi, ng'ona, nsomba ndi zinkhanira. Chimene chinasintha n'chakuti mitsukoyo inayamba kupakidwa glaze n'kuotchedwa mu uvuni wotentha kwambiri, ndipo pansi pake panadindidwa zilembo LK. Zotsatira zake zimandipatsa maganizo awiri. Mitsukoyo inalemera, inasiya kuziziritsa madzi, n'kusanduka yongoika pabalaza. Koma nthawi yomweyo dziko linadziwa dzina la mayi woumba wa kumudzi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo kwa anzake ambirimbiri aluso ngati iye.

Magdalene Odundo, wobadwira ku Nairobi mu 1950, anakaphunzirako ku Abuja mu 1974 ndipo anaona Ladi Kwali akuumba. Odundo anatenga njira yobwerera kumudzi: gudumu ayi, glaze ayi. Amasanjikiza zingwe za dongo, amakulungiza ndi mwala kwa nthawi yaitali, amaotcha mpweya ukulowa kuti mbiya ifiire, ndipo akafuna yakuda amaiotchanso atatseka mpweya. Pachaka amatulutsa mbiya zochepa chabe. Mu 2020 imodzi inagulidwa pa okushoni ku London ndalama zoposa mapaundi 200,000. Werenganinso mmene amaumbira, mudzapeza chibuluma, zingwe, mwala wosalala ndi utsi, zonse zomwe tafotokoza kale zija. Ku KwaZulu-Natal, m'dziko la South Africa, Nesta Nala, amene anamwalira mu 2005, anachita zofananako ndi mbiya zakuda zomwera mowa: analemba dzina lake pansi, ndipo zinachoka pabwalo la mowa n'kukafika m'nyumba zoonetsera zaluso.

Tsono osonkhanitsa mbiya amalipira chiyani? Choyamba amafuna kudziwa mwini dzanja. Kenako amafunsa mbiri ya mbiyayo: inaumbidwa chaka chiti, inagulidwa kwa ndani, inadutsa m'manja mwa yani, inaonetsedwapo kuti. Kalata yakale yogulira kapena chithunzi cha woumba atainyamula zimakweza mtengo. Mng'alu kapena pomatidwa zimautsitsa kwambiri, pamene mawanga a utsi, amene ife timawaona ngati chilema, iwo amawakonda chifukwa sangabwerezedwe. Ndipo pali chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri: woumba wa dzina ali ndi mpata wotaya. Akhoza kuphwanya mbiya zimene sizinamukhutiritse n'kutulutsa zabwino zokhazokha. Mayi amene akufuna ndalama ya sopo ndi ya kuchigayo sangataye mphika wopendekeka. Amautsitsa mtengo n'kugulitsa. Kusiyana kwa awiriwa nthawi zambiri si luso, koma mpata.

Moyo wa katswiri woumba kuno umayamba ndi kusenza. Mtsikana amaperekeza amayi ake kapena anganga ake kokatapa dongo, amasinja, amatola timiyala, amaumba timiphika tamasanje. Papita zaka asanaloledwe kugwira mlomo wa mtsuko weniweni. Palibe satifiketi, umadziwa kuti wakhwima anthu a m'midzi ina akayamba kubwera kudzaitanitsa kwa iwe. Ntchitoyi imayendera limodzi ndi munda, ndiye imakula anthu akakolola n'kuzilala mvula ikagwa. Imadya msana ndi mawondo, utsi umalowa m'maso, ndipo fumbi la dongo louma silabwino m'chifuwa, makamaka posinja mapale m'malo otsekeka. Kale mtengo unali wosavuta kumva: wogula ankadzaza mbiyayo ndi chimanga kapena mapira, woumba n'kutenga chakudyacho. Lero mphika ukupikisana ndi poto wa aluminiyamu, mtsuko ukupikisana ndi chigubu ndi ndowa yapulasitiki zimene sizisweka mwana akazigwetsa pamjigo, ndipo nkhuni zootchera zakwera mtengo pamene mitengo ikutha m'mapiri. Mtsikana amene akuona amayi ake akusenza dengu la miphika mtunda wautali n'kubwerera nayo theka, simungamudzudzule akasankha geni ina.

Chitetezo mbaula yathandizako. Boma litalengeza mu 2013 cholinga chofikitsa mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni m'makomo pofika 2020, magulu ambiri a amayi anaphunzira kuumba mbaula zadongozi ndi kuziotcha mu uvuni wosunga moto. Ndalama inalowa, ndipo nzeru ya uvuni inafika m'midzi. Ichi n'chabwino ndithu. Komabe mbaula imapangidwa pa chikombole kuti zonse zifanane kukula, ndipo chikombole sichiphunzitsa zala kumva khoma. Munthu akhoza kupanga mbaula mazanamazana koma osatha kukweza mtsuko wa khosi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mbiri ya dziko lino inawerengedwa pa mapale. Ofukula zakale amagawa nyengo za makolo athu potsata kalembedwe ka pakhosi pa mbiya. Mtundu wa Nkope, wotchedwa dzina la malo a ku Mangochi, ndi wa alimi oyamba osula zitsulo a zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mtundu wa Mawudzu ndi umene Yusuf Juwayeyi anaupeza wochuluka pofukula ku Mankhamba, likulu la a Kalonga. Mayina onsewa ndi a malo. Dzina la mayi ngakhale mmodzi amene anaumba mbiyazo silikudziwika, ndipo ngati sitisintha, a lerowanso adzatha chimodzimodzi. Pano ndichenjezeretu aliyense amene mtima wosonkhanitsa wamugwira: mbiya za kumanda ndi za m'malo a nsembe si zotola, ndipo zofukulidwa pansi zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act. Kusonkhanitsa koyenera n'kugula kwa woumba wamoyo.

Mukafika pamsika, musathamangire yonyezimira. Inyamuleni ndi manja awiri. Yabwino imapepuka kuposa mmene maso amaganizira. Iikeni pachikhatho n'kuigogoda ndi chala: yopsa bwino imalira kuti ngwee, yamng'alu kapena yosapsa imangoti phu. Lowetsani dzanja, chala chachikulu chili kunja, muyendetse kuchokera pamlomo mpaka pansi kuti mumve ngati khoma likufanana. Ikwezeni mlomo ufanane ndi maso anu muone ngati wakhala bwino. Mukatero funsani kuti, "Mayi, mwaumba ndinu kapena mwapikula?" Kawirikawiri mudzamva kuti, "Ndapikula kwa anganga ena a kwathu, iwowo ndiye eni ntchito." Funsani dzina lawo ndi mudzi wawo, ndipo mukafika kunyumba mulembe pamodzi ndi chaka. Kapepala kameneko ndi chiyambi cha mbiri ija imene ogula a ku London amailipira. Mukazolowera, mudzayamba kuzindikira dzanja la munthu mmodzi pakati pa miphika yambiri, poona kapindidwe ka mlomo ndi kayendedwe ka timizere.

Dzina lili ndi zoopsa zake, ndipo si bwino kuzibisa. Likangotchuka, opikula amadya phindu woumba n'kutsala pomwe anali, ena amayamba kukopera chizindikiro, ndipo msika wa alendo umakokera woumba ku tinthu tokongoletsa tosaphikira. Palinso amene angafune kuyesa glaze kuti miphika iwale ngati ya m'sitolo. Asayerekeze kugwiritsa ntchito mtovu, monga wa m'mabatire akale, chifukwa umasungunukira m'chakudya n'kuwononga ubongo wa ana. Ngakhale zili choncho, ndikuona kuti kukhala wopanda dzina n'koipa kuposa zoopsazi. Yunivesite ya Malawi ku Chirunga ili ndi gawo lophunzitsa zaluso, ndipo midzi ya oumba ili pafupi. Ophunzira atati azijambula akatswiriwa ali pantchito, eni ake atavomera, n'kulemba kumene amatapa dongo ndi amene anawaphunzitsa, Zomba ikhoza kukhala ndi kaundula wa oumba ake m'zaka zochepa.

Mphika watsopano muyambe mwaphikamo phala la madeya pamoto wochepa kuti timabowo titsekeke, musautsuke ndi sopo wambiri poti umamwa fungo, ndipo mtsuko muziukhazika pankhata, osaunyamulira pamlomo. Ngati mukufuna mbiya yapamwamba kwenikweni, musadikire ya pamsika. Pitani kwa woumbayo, muitanitse, mulipireko gawo la mtengo poyamba kuti akhale ndi mpata woumba mosathamanga, ndipo muwapemphe alembe chizindikiro chawo pansi dongo lisanaume, kaya ndi zilembo kaya ndi timizere tawo. Nthawi yabwino yoitanitsa ndi anthu akangomaliza kukolola. Wopita mu Novembala mvula itayamba kugunda adzadikira chaka chamawa, chifukwa nthawi imeneyo amayi ali kumunda.